Azakhali Ankafuna Yoga ku Nkhotakota

M'Chichewa mawu oti kupuma amagwira ntchito ziwiri. Munthu akamakoka mpweya ndi kuutulutsa timati akupuma, ndipo akatula khasu n'kukhala pansi pa mtengo wa mango timatinso akupuma. Ife a Sabata tili ndi tsiku lathunthu sabata iliyonse limene timalitcha lopuma, moti tinayenera kukhala akatswiri pa nkhaniyi kuposa wina aliyense. Komabe tchuthi chapitachi ndinatha masabata awiri kwathu ku Nkhotakota ndikufufuza malo oti azakhali anga akaphunzireko kupuma kwa mitundu yonse iwiri. Kufufuzako kunandisiyira mafunso amene ndikufuna tiwaganizire limodzi, ophunzira anzanga ndi inu makolo athu a mumpingo.

Azakhaliwa ndi mlongo wawo wa bambo anga. Anakhala ku Joni zaka 12 akugwira ntchito ya m'nyumba mumzinda wa Johannesburg, ndipo marandi awo ndi amene anandilipirira fizi kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4 pa sekondale ya mpingo. Chaka chatha anabwerera kumudzi kudzakhazikika. Anabwera ndi malata, firiji, mabulangeti a ana onse a pabanja, komanso msana wowawa ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Ku Joniko abwana awo aakazi ankapita ku yoga kawiri pa sabata, ndipo ataona kuti wantchito wawo akuvutika kuwerama pokolopa, anayamba kumapita nawo. Azakhali amati patangotha miyezi iwiri msana unayamba kumasuka, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri ankagona mpaka kucha osadzidzimuka pakati pa usiku. Atabwerera kumudzi zonsezo zinatsala komweko. Ululu unayambiranso, tulo nato tinathawa.

Tsiku lachitatu nditafika anandiitana pakhonde. "Mwanangu, iwe uli ndi foni ya intaneti, ndipo Chizungu umachitha. Tandifunira kumene amachitira yoga kunoko. Azungu onse amabwera kunyanjawa sangakhale opanda malo otero."

Munthu amene anakulipirira sukulu sumuyankha kuti dikirani kaye. Ndinayamba usiku womwewo. Pa Google ndi pa Facebook zimene zinkatuluka zinali za ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo kuchokera kwathu kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 200. M'mawa mwake ndinapita paboma. Mayi wina wogulitsa usipa mumsika anandilozera kugolosale, poganiza kuti ndikufuna yogati. Wakabaza ananditengera kuseri kwa nyumba ina kumene anyamata amanyamula zitsulo zoumbira simenti m'zitini za penti. Anandilandira bwino, koma si malo oti mayi wa zaka 52 angakavulepo nsapato. Pa mabwalo a sukulu pali mpira wa miyendo wa anyamata ndi wa manja wa atsikana. Munthu wamkulu, makamaka wamkazi, amene akufuna kuwongola thupi lake mwadongosolo, tauni yathu ilibe pomuika.

Masiku otsatira ndinatsata msewu wa M5 chakum'mwera, kolowera ku Chia, n'kumakhotera m'tinjira tafumbi totsikira kunyanja kumene kuli malo ogona alendo. Pamalo ena sanamvetse chimene ndinkafunsa. Koma pa loji ina mnyamata wolandira alendo anandikhazika pansi n'kundifotokozera bwinobwino. Anati kalasi ya tsiku ndi tsiku palibe, koma nthawi zina pamabwera gulu lochokera ku Lilongwe kapena kunja, lili ndi mphunzitsi wakewake, n'kukhala masiku anayi kapena asanu. Eni ake amati imeneyo ndi wellness retreat. Amadzuka dzuwa lisanatuluke, amayala timphasa tawo pamchenga, n'kumadziwongola ndi kupuma pang'onopang'ono. Masana amasambira kapena kuyenda, amadya zamasamba ndi zipatso, amamwa madzi ambiri, mowa ndi fodya amaika pambali, mafoni amazimitsa, ndipo ikamati 9 koloko usiku onse agona. Atandionetsa mitengo, inali m'madola. Usiku umodzi unkaposa ndalama zimene amayi anga amapeza mwezi wathunthu pogulitsa mpunga. Mnyamatayo anaseka pang'ono, mopanda chipongwe, nati, "Achemwali, izi si zathu. Ife timangoyala matebulo."

Pobwerera pa kabaza ndinkabwereza m'mutu zimene anandiuza zija: mpweya wabwino, dzuwa, madzi, kuyenda, zamasamba, kudziletsa, kugona msanga. Aliyense amene anavalapo sikafu ya Pathfinder akudziwa kumene ndinali nditaumva kale mndandanda umenewu. Chinangosowapo ndi chachisanu ndi chitatu, kudalira Mulungu.

Mbiri yathu imatiuza kuti mu June 1863, patangopita masabata awiri chikhazikitsire General Conference, Mayi Ellen White analandira masomphenya a zaumoyo ku Otsego m'chigawo cha Michigan ku America. Mu 1866 mpingo unatsegula Western Health Reform Institute ku Battle Creek, ndipo Dr John Harvey Kellogg atayamba kuyendetsa malowo mu 1876, anakula n'kukhala Battle Creek Sanitarium yotchuka padziko lonse. Anthu ankapitako kukakhala masabata angapo, kumadya zamasamba, kuchita mafizo, kusamba m'madzi otentha ndi ozizira, kuwothera dzuwa ndi kupumula. Olemera ngati Henry Ford anakhalapo alendo kumeneko. Mu 1905 buku la The Ministry of Healing linatchula mankhwala asanu ndi atatu achilengedwe, amene pambuyo pake a ku Weimar ku California anawasanja m'dzina loti NEWSTART. Kafukufuku wa yunivesite ya Loma Linda, wofalitsidwa mu 2001, anapeza kuti amuna a Adventist a ku California ankakhala ndi moyo zaka zoposa 7 kupambana amuna anzawo a m'chigawocho, ndipo akazi zaka zoposa 4. Kuno kwathu mishoni ya Malamulo ku Thyolo, imene inayamba mu 1902, inadziwika ndi sukulu pamodzi ndi chipatala, ndipo inathandiza odwala khate ambiri. Choncho mbali yaikulu ya zimene alendo amalipirira madola pamchenga wa ku Nkhotakota ndi zimene makolo athu a mumpingo ankachita zaka 150 zapitazo. Zinatheka bwanji tsono kuti mayi wobatizidwa mumpingo umenewu ali mtsikana akaziphunzire kwa abwana ake ku Johannesburg?

Pamudzi nkhani sichedwa. Pofika Sabata zinali zitamveka kale kuti mwana wa kukoleji ya mpingo akuyenda m'maloji kufuna yoga. Tsiku loyamba la sabata masana, mkulu wa mpingo anafika pakhomo. Ndi bambo wofatsa, amene anandiphunzitsa m'kalasi ya ubatizo, ndipo anabwera atawerengadi, osati ndi nkhani za m'maluwa. Analonjerana ndi azakhali, anafunsa za msana, kenako anati, "Mayi, ndabwera ngati mbale wanu. Chinthu chimene mukufunachi chili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo si Mulungu amene timamupembedza."

Zambiri zimene ananena n'zoona, ndipo tisamazipeputse. Yoga inachokera ku India, m'miyambo ya chipembedzo cha Chihindu ndi zina zoyandikana nacho. Dzinali ndi la chiyankhulo cha Sanskrit, ndipo tsinde lake limatanthauza kumanga goli kapena kulumikiza. Buku lakale la Yoga Sutras, lodziwika ndi dzina la Patanjali, limanena zochepa kwambiri za kupinda thupi, popeza cholinga chake chachikulu ndi kutontholetsa maganizo kuti mzimu umasuke. Swami Vivekananda atayankhula pa msonkhano wa zipembedzo ku Chicago mu 1893, chidwi cha maiko a azungu pa ziphunzitso za ku India chinakula, ndipo m'zaka za m'ma 1900 yoga inasanduka masewera a thupi amene lero akupezeka m'mizinda ikuluikulu yonse. Mu December 2014 bungwe la United Nations linavomereza pempho la dziko la India loti pa 21 June pazikhala tsiku la yoga padziko lonse. Koma ngakhale m'makalasi amasiku ano muli zotsalira za chiyambi chake. Mayendedwe ena otchuka kwambiri amatchedwa Surya Namaskar, kutanthauza kulonjera dzuwa, ndipo Surya ndi dzina la mulungu wa dzuwa. A mkulu anatsegula Ezekieli 8, pamene mneneri anaonetsedwa amuna atafulatira kachisi n'kumagwadira dzuwa chakum'mawa. Kwathu dzuwa limatulukira m'nyanja momwemo, choncho zimene ankaopazo sizinali zovuta kuziona m'maganizo.

Ife a ku Nkhotakota sitinganene kuti kaimidwe ka thupi kalibe tanthauzo. Tinakulira pakati pa anansi athu Achisilamu amene amagunditsa mphumi pansi kasanu pa tsiku, ndi a Anglican amene amagwada polandira mgonero, ndipo ifenso timagwada pa pemphero la abusa. Mwana akamapereka madzi kwa agogo amagwada, ndipo aliyense amadziwa chimene akutanthauza. Mpingo wathu unadutsanso kale m'mayesero ofanana ndi amenewa. Kellogg yemwe uja, m'buku lake la The Living Temple la mu 1903, anasakaniza malangizo abwino a zaumoyo ndi chiphunzitso chomveka ngati chikunena kuti Mulungu ndi mphamvu yokhala m'chinthu chilichonse, mumtengo, m'duwa ndi mumpweya. Mkangano umenewo unali chimodzi mwa zimene zinamutulutsa mumpingo mu 1907. Akulu athu akamachita mantha ndi zaumoyo zobwera ndi chiphunzitso m'thumba, sikuti akungokokomeza ayi.

Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo. Kenako anati, "Bambo, ndamva. Ku Joni kuja akamaimba mawu awo aja pomaliza, ine ndinkangotseka pakamwa n'kumapemphera chamumtima. Dzuwa sindinaligwadirepo. Koma ngati mukuti ndisiye, ndisiya. Ndiuzeni tsono, msana wangawu ndipite nawo kuti? Usiku ndikadzuka 1 koloko mtima ukugunda ngati ng'oma, ndigogode pakhomo la ndani?"

A mkulu anakhala chete kwa kanthawi. Kenako anati tipemphere, ndipo tinapemphera. Anatsanzika bwino, koma funsolo silinayankhidwe.

Ine ndikuona kuti m'dzina limodzi loti yoga mwamangidwa zinthu zitatu, ndipo mkangano wathu umakula chifukwa timazisenza ngati mtolo umodzi. Choyamba ndi kuwongola minofu ndi mfundo za thupi. Ichi si cha chipembedzo cha munthu aliyense. Mphaka amachita akangodzuka, ndipo a mafizo kuchipatala amaphunzitsa odwala msana kugona chagada n'kukokera mawondo pachifuwa. Chachiwiri ndi kupuma pang'onopang'ono. Munthu akamatulutsa mpweya modekha, mitsempha imene imachepetsa kugunda kwa mtima imagwira ntchito kwambiri, thupi n'kukhazikika. Umo ndi mmene Mlengi anatiumbira, Mhindu ndi Mkhristu chimodzimodzi. Chachitatu ndi chiphunzitso: kubwereza mawu opatulika a chipembedzo china, kulonjera dzuwa, kukhuthula maganizo onse, ndi kukhulupirira kuti umulungu uli kale mkati mwako, ungofunika kuudzutsa. Chachitatuchi Mkhristu sangachitenge. Kusinkhasinkha kwa m'Baibulo, monga kwa munthu wa mu Salimo 1, ndi kudzaza maganizo ndi mawu a Mulungu, ndipo amene timayankhula naye ndi wina, wamoyo, amene si ife eni.

Pa chifukwa chimenechi, ngakhale kalasi ikanapezeka paboma, sindikanalola kuti azakhali akalowe tisanafunse zimene zimachitikamo, ndipo dzina la yoga sindingalibweretse pa pulogalamu ya mpingo. Paulo pa 1 Akorinto 8 anaphunzitsa kuti ngakhale munthu atadziwa kuti fano si kanthu, aziganizira chikumbumtima cha mbale wake amene angakhumudwe. Koma Yakobo 2 ikutichenjezanso za kuuza munthu wausiwa ndi wanjala kuti apite mumtendere, osamupatsa chofunda kapena chakudya. Kuletsa n'kosavuta ndipo sikudya ndalama. Ntchito yeniyeni ili pa kuyankha funso la azakhali lija.

Kunyanja kwathu ambiri uthenga wa zaumoyo timaudziwa ngati mndandanda wa zoletsedwa. Mwana wa Sabata amadziwika padoko chifukwa sagula mlamba kapena kampango, nsomba zopanda mamba. Sadya nkhumba, samwa tiyi wa masamba, sasuta, salawa mowa. Zonsezi n'zabwino ndipo ndimazisunga. Koma pa chakudya chodyera pamodzi pa Sabata, mchere umathiridwa ndi dzanja lodzaza, mafuta amayandama pamwamba pa nyemba, ndipo m'kapu ya tiyi wa mandimu mumalowa masipuni anayi a shuga. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, omwe ndi kasipuni kamodzi kakang'ono, ndiponso kuti azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka za pakati pa 25 ndi 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi sankadziwa n'komwe. Anthu amenewo timakhala nawo pa benchi limodzi m'tchalitchi, ndipo ena mwa iwo ndi amene amatitsogolera nyimbo.

Wina anganene kuti amayi a kumudzi safunika mafizo, popeza amagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka usiku. N'zoona kuti sasowa kusuntha thupi. Amayi anga amakhala chiweramire tsiku lonse powokera mpunga kudambo, amasenza chinangwa kukachiviika, amasinja, amatunga madzi, madzulo n'kulimbana ndi mphika wa kondowole. Koma ntchito yoweramitsa msana mbali imodzi kwa maola ambiri ndi imene imabweretsa ululuwo. Iwo chimene akusowa ndi kuwongoka ndi kupumula, pomwe aphunzitsi, ogulitsa m'mashopu ndi ife ophunzira amene timakhalira pampando tsiku lonse tikusowa kuyenda. Wophunzitsa zaumoyo ayenera kudziwa kuti akuyankhula ndi uti mwa awiriwa.

Nanga Sabata? Lachisanu amayi amadzuka 4 koloko kuti achape, asite, aphike za masiku awiri ndi kusambitsa ana dzuwa lisanalowe. Sabata m'mawa kuli Sukulu ya Sabata, kenako ulaliki, kenako kugawa chakudya ndi kusonkhanitsa mbale, masana phunziro la Baibulo, AY, kwaya, kuyendera odwala, mpaka kutseka Sabata. Zonsezi n'zopatulika ndipo ndimazikonda. Koma munthu amene watha tsikuli ali wotopa kuposa Lachitatu, kodi walandira mphatso ya lamulo lachinayi, lomwe linakumbukira ngakhale wantchito wamkazi, mlendo ndi ziweto? Msonkhano wa misasa ndiye retreat yathu yeniyeni, sabata yathunthu kutali ndi munda ndi msika, pansi pa mitengo, kuimba ndi kuphunzira. Koma pitani kuseri kwa misasa nthawi ya ulaliki wa m'mawa, mukaone amene ali pa mafuwa ndi amene ali pamzere wa pamjigo.

Usiku wina azakhali anandiuza chimene sananene pamaso pa a mkulu. "Ukudziwa chimene ndinkakonda kuja, mwanangu? Si kupindapinda kokha ayi. Ola limodzi lija panalibe wondiitana. Panalibe wondituma, panalibe wondipempha." Munthu akabwera kuchokera ku Joni, mudzi wonse umaona ngati wabwera ndi banki. M'mawa uliwonse pakhomo pamakhala wina: wa fizi, wa feteleza, wa maliro, wa ukonde wong'ambika. Azakhali sakana, koma ndalama zikutha ndipo ntchito palibe, ndiye usiku amangowerengera. Kwathu timangoti ali ndi maganizo. Ku Zimbabwe amati kufungisisa, kuganiza mopyola, ndipo kumeneko dokotala wa matenda a m'maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Harare mu 2006. Agogo aakazi amene aphunzitsidwa amakhala pa benchi pafupi ndi chipatala, n'kumamvetsera munthu ndi kumuthandiza kusanja mavuto ake limodzilimodzi. Zotsatira zake zinafalitsidwa m'magazini ya madokotala ya JAMA mu 2016, ndipo zinaonetsa kuti anthu ambiri anapeza bwino. Mpingo uliwonse wa kwathu uli ndi mabenchi, ndipo agogo uli nawonso. Eliya atathawira kuchipululu, atatopa mpaka kupempha imfa, pa 1 Mafumu 19, Mulungu sanayambe ndi kumudzudzula. Anamulola kugona, anamudyetsa, anamulola kugonanso, anamudyetsanso, ndipo kukambirana kunabwera patapita masiku 40.

Zimene tinachita n'zazing'ono. Tinapita kuchipatala, anawayeza, anawapatsa mankhwala a BP n'kuwauza kuti asamadumphitse ngakhale atamva bwino. Wa mafizo anawaonetsa njira zisanu zowongolera msana, ndipo azakhali anaseka poona kuti zitatu mwa izo ankazichita kale ku Joni ndi mayina ena. Ndinazijambula papepala n'kumata kuchipinda kwawo. Amayi awiri a Dorika, wina wodwala shuga, wina wamasiye, anavomera kumayenda nawo m'mawa katatu pa sabata, kuchoka pamudzi kukafika kunyanja ndi kubwerera. Akafika pamchenga amayala zitenje, amadziwongola, amakhala chete mphindi zingapo akupuma modekha, wina amatchula vesi limene analoweza, amapemphera, n'kubwerera dzuwa lisanawawe. Anagwirizana lamulo limodzi lokha, loti pa ulendowo palibe kupemphana ndalama. Masiku oyamba asodzi ochokera kokapha usipa ankawaseka, n'kumafunsa ngati akukonzekera mpikisano. Pamene ndinkabwerera kusukulu gululi linali la amayi 7, ndipo mmodzi mwa iwo ndi akazi awo a mkulu wa mpingo uja. Iwo eni ake sananene kuti avomereza. Anangofunsa kuti zimenezi dzina lake n'chiyani, azakhali n'kuyankha kuti ndi kuwongola msana basi.

Boma lathu lili ndi zambiri zimene anthu amachokera kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu kuti adzazione. Pali akasupe a madzi otentha a Mawira pafupi ndi tauni, kumene anthu akhala akusamba kuyambira kalekale. Pali nkhalango ya Nkhotakota, ya masikweya kilomita 1,800, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Pali mtsinje wa Bua umene mpasa zimakwera kukaswana. Pali mkuyu umene David Livingstone anakumaniranapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860, pamene gombe lomweli linali doko lowolotsera akapolo. Ambiri a ife obadwira komweko sitinalowepo m'nkhalangomo, ndipo kunyanja timapita kukachapa, kukatunga kapena kukagula nsomba. Kukangokhala chete pamchenga timakuona ngati ulesi kapena chizungu. Koma Yesu, pa Marko 6, ataona kuti ophunzira ake akusowa ndi mpata wodyera womwe, anawatengera m'ngalawa kupita kwa okha kuti akapume, ndipo nawonso anali anthu a kunyanja, ena a iwo asodzi.

Ine ndikuphunzira uphunzitsi, ndipo tonse tikudziwa zimene zimachitika m'masukulu ambiri mayeso akayandikira. Nthawi ya masewera imamezedwa ndi masamu, ana a Fomu 4 amawerenga mpaka pakati pa usiku mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti asagone, ndipo wina akakomoka m'kalasi timathamangira kunena kuti ndi ziwanda kapena ulesi. Mphunzitsi angathe kuimitsa kalasi mphindi zitatu, ana n'kuimirira, kuwongola mapewa, kupuma mozama kasanu, asanatsegule pepala la mayeso. Sizifuna kamphasa kogula kapena dzina lachilendo. Mwana amene waphunzira zimenezi kusukulu ya mpingo, pamodzi ndi chifukwa chake, sadzadabwa nazo akadzazipeza ku Johannesburg, ndipo adzadziwa chotenga ndi chosiya.

Choncho ndikupempha zinthu zinayi zimene tingathe ife eni popanda kudikira thandizo la kunja. Anzathu amene akuphunzira zaumoyo ku Malamulo azibwera ndi makina oyezera BP ku msonkhano wa misasa uliwonse, ndipo aziphunzitsa amayi ndi abambo njira zosavuta zowongolera msana. Ife a AY ndi ma Master Guide, amene timadziwa kuguba ndi kukwera mapiri, tiyambitse magulu oyenda m'mawa pa liwiro loti agogo athu angakwanitse. Abambo ndi anyamata atenge mafuwa tsiku limodzi la misasa, kuti amayi amve ulaliki kuyambira poyamba mpaka Ameni. Ndipo mabodi a mipingo aganizire zosiya masana a Sabata limodzi pa mwezi opanda pulogalamu, kuti mabanja akayende m'chilengedwe kapena angogona kumene.

Azakhali akumwabe mankhwala, ndipo masiku ena msana umawavutabe, makamaka mwera ukawomba. Sabata yatha anandiimbira foni kuti amayi awiri a Anglican ndi mnansi wathu Wachisilamu apempha kulowa m'gulu lija, ndipo akufuna kudziwa ngati angawalandire ndi mmene azidzapempherera akakhala pamodzi. Ndinawauza kuti akafunse nzeru kwa a mkulu aja. Anati apita Lachiwiri, akachoka kunyanja.